Kukagona mu tenti yapamwamba ndi banja: zoyenera kudziwa musanalipire

Funso ili ndalimva kokwanira: "Taona zithunzi za matenti aja okhala ndi bedi lenileni, kalipeti ndi tinyali tolendewera. Kodi munthu ungapiteko ndi ana wikendi yonse osavutika?" Poti ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndangoti ndilembe pano, ndipo wina akadzafunsanso ndidzangomulozera.

N'zotheka ndithu, ndipo ana ndi amene amasangalala kuposa akuluakulu. Eni malo otere amazitcha glamping. Mumagona kutchire, kuphiri kapena m'mbali mwa madzi, koma simunyamula tenti, simukhoma zikhomo, simugona pansi. Mumapeza zonse atakonza kale. Chokhacho chimene zithunzi sizionetsa n'chakuti amazijambula masana kapena dzuwa likulowa, pomwe inu chimene mukulipira kwenikweni ndi usiku. Bedi likhoza kukhala ngati la kuhotela, koma khoma ndi nsalu basi. Kuzizira kumalowa, phokoso limalowa, ndipo kukacha kuwala kumalowa osagogoda. Zinali choncho ngakhale kwa mafumu: mu 1520, Henry VIII wa England ndi Francis I wa France atakumana pafupi ndi Calais, mzinda umene lero uli kumpoto kwa France, anthu anagoma ndi matenti a nsalu zoluka ndi ulusi wagolide, koma tenti yaikulu ya mfumu ya France sinapirire mphepo.

1. Dziwani chimene mukubwereka

Matentiwa ali ndi mayina, ndipo dzinalo limakuuzani zambiri kuposa chithunzi.

Bell tent ndi yozungulira, ya nsalu yokhuthala ya kanivasi, yokhala ndi mzati umodzi pakati. Zambiri zimakhala mamita 4 kapena 5 m'mimba mwake. Pakati munthu amaima bwinobwino, m'mbali mumachita kuwerama. N'chipinda chimodzi, ndiye ana akagona inunso muzimitse nyali. Kawirikawiri chimbudzi chimakhala panja.

Safari tent imaoneka ngati kanyumba: makoma oongoka, pansi pa matabwa, khonde kutsogolo, ndipo zina zimakhala ndi zipinda ziwiri ndi bafa kumbuyo. Kwa banja la ana ang'ono, ine ndimati yambirani imeneyi.

Yurt inachokera kwa abusa a ziweto a ku Mongolia ndi mayiko a pakati pa Asia. Makoma ake ndi timitengo topingasana, ndipo eni ake amaikuta ndi nsalu ya ubweya wa nkhosa, n'chifukwa chake imasunga kutentha. Koma za m'malo ochezera zina zimangotengera maonekedwe, ubweyawo mulibe. Dome ndi yobulungira, ya zitsulo zokutidwa ndi pulasitiki, yokhala ndi zenera lalikulu loonerapo nyenyezi. Usiku ndi yokongola, koma ikakhala pamtetete masana simungakhalemo. Pod ndi kanyumba kakang'ono ka matabwa kokhala ndi chitseko chokiya, kabwino kwa amene ali ndi mantha, ngakhale kamapanikiza. Kanyumba ka mumtengo kasiyeni kaye ngati muli ndi mwana woyamba kumene kuyenda.

Palinso mawu amene amalemba pa malonda awo. Akati en suite, bafa ndi chimbudzi ndi zanu nokha, zolumikizana ndi tenti. Akati shared facilities, mugawana ndi mabanja ena. Off-grid ndiye kuti kulibe magetsi a pa mawaya, amadalira sola, batire kapena jenereta. Self-catering ndiye kuti mudziphikira nokha. Compost toilet ndi chimbudzi chosagejemula: mukatha mumathira utuchi, ndipo chikamasamalidwa sichinunkha, koma muwauziretu ana asanakachione. Chenjerani kwambiri ndi mawu akuti sleeps 4. Nthawi zina amatanthauza bedi limodzi la anthu awiri ndi sofa yotambasula, kapena timatiresi tiwiri toyala pansi.

2. Sankhani pafupi, ndipo yang'anani nyengo ya usiku

Pa wikendi mumagona kawiri kokha. Ulendo wopitirira maola atatu umadya Lachisanu lonse ndi theka la Lamlungu, ana n'kufika atatopa kale. Konzani zoti mufike dzuwa likadali ndi maola awiri. Ngati ntchito sikulolani kuweruka msanga Lachisanu, kuli bwino kunyamuka Loweruka m'mamawa n'kugona kamodzi kusiyana n'kufika mumdima wa ndiweyani, mukufufuza tenti yanu ndi tochi ya foni.

Poona za nyengo, ambiri amangoyang'ana nambala ya masana. Yofunika ndi yotsikitsitsa ya usiku. Kukwera mamita 1,000 kumatsitsa kutentha ndi madigiri pafupifupi 6.5, choncho malo a kuphiri angakhale ozizira kwambiri ngakhale kwanu kukutentha. Usiku wopanda mitambo umazizira kuposa wa mitambo, ndipo mpweya wozizira umatsikira m'zigwa. Tenti ya m'mphepete mwa mtsinje ija yokongola pa chithunzi ndi imenenso imakhala ndi chinyezi ndi udzudzu wambiri.

3. Imbani foni musanatumize ndalama

Ambiri amalipira atangoona zithunzi ndi nyenyezi zisanu. Inu imbani. Munthu amene amakhala pamalopo tsiku ndi tsiku amayankha mosajejema, pomwe wongogulitsa amachulutsa "ndifunse kaye". Musachite manyazi ndi mafunso awa.

Chimbudzi chili patali bwanji ndi tenti imene mutipatse? Musalole yankho lakuti "n'pafupi". Funsani mamita angati, ngati njirayo ili ndi nyali, ndi mabanja angati amene amapita kumeneko. Mamita 80 masana si kanthu. Koma 2 koloko usiku, mutanyamula mwana wa zaka zitatu, udzu uli mame okhaokha, ndi ulendo ndithu.

Madzi otentha amachokera kuti? A gasi amapezeka nthawi iliyonse. A sola amakhalapo madzulo, ndipo kukachita mitambo tsiku lonse musawayembekezere. Ngati amatenthetsa ndi nkhuni, ndiye kuti pali nthawi yake imene wina amasonkha moto. Malo ena amakweza chidebe chimodzi m'mwamba kukhala shawa, chikatha chatha. Funsaninso ngati madzi a pampopi ndi akumwa.

Mu tenti muli soketi? Sola ya malo ambiri imakwana nyali ndi kutchaja foni basi. Ketulo ya magetsi kapena choumitsira tsitsi zimakoka mawati 1,500 mpaka 2,000, ndipo mukangolumikiza, tenti yonse ili bii. Ngati m'banjamo muli wogwiritsa ntchito makina othandiza kupuma pogona otchedwa CPAP, kapena wofunika kusunga insulin, mankhwala a matenda a shuga, pozizira, nenani zimenezo momveka ndipo akuyankheni momveka. Akatchula jenereta, funsani kuti amaizimitsa nthawi yanji ndipo ili patali bwanji ndi pogona panu.

Malowo ali ndi mpanda? Pali dziwe, mtsinje kapena phompho pafupi? Khonde ndi lalitali bwanji kuchokera pansi, ndipo lili ndi chotchinga? Nyama zakutchire zimadutsa? Malo ena a m'nkhalango zotetezedwa salandira ana osafika msinkhu wakutiwakuti, ndipo kumva zimenezo muli pageti n'kowawa.

Wikendi imeneyo pali phwando kapena gulu lalikulu? Phokoso amaletsa nthawi yanji? Funso limeneli amaliiwala pafupifupi onse, koma ndi limene limapulumutsa tulo.

Netiweki imagwira? Usiku pamagona wantchito kapena mlonda? Chipatala chapafupi chili kuti, ndipo msewu wa kumapeto ukufuna galimoto yotani mvula ikagwa? Nanga mwana akadwala Lachinayi, ndalama amabweza kapena amangosintha tsiku?

Mukatha, apempheni kavidiyo kakafupi ka tenti yomweyo, kojambulidwa tsiku lomwelo, koyambira pakhomo mpaka kuchimbudzi. Malo enieni sakana zimenezi, ndipo ndi njira yosavuta yopewera akuba amene amatenga zithunzi za eni n'kumalandirira dipoziti. Zimene mwagwirizana pafoni azilembe mu uthenga. Powerenga ndemanga za anthu, siyani zoyamikira, muwerenge zodandaula za miyezi yaposachedwa. Wina akadandaula za nyerere, ameneyo sanadziwe kumene amapita. Anthu atatu akadandaula za chimbudzi, vuto lilipo.

4. Longedzani za usiku poyamba

Zogonera, mbale ndi mapoto nthawi zambiri zimakhalako, ndiye musasamutse nyumba yonse. Zoyamba kulowa m'chikwama zikhale izi: tochi ya munthu aliyense, makamaka zija zomanga pamutu, bulangete limodzi loonjezera pa bedi lililonse, masokosi okhuthala ndi chipewa chaubweya cha aliyense, nsapato zongopisa phazi zopanda zingwe, kandowa kokhala ndi chivundikiro, mankhwala othamangitsa udzudzu, neti ngati kulibe, ndi kabokosi ka mankhwala a ululu, mabandeji ndi mankhwala amene wina amamwa masiku onse. Mwana amene amagona ndi kachidole kake kapena kansalu kake, chimenecho muyambe mwachiika m'galimoto. Mapu a njira muwasunge mufoni muli kunyumba, Google Maps imalola kutero, chifukwa netiweki imakonda kuthawa pamphambano yomaliza.

Za chakudya n'zanu, koma cooler box ili ndi malamulo ake. Iziziritseni usiku wathunthu musanaikemo zinthu. Mabotolo a madzi oumitsidwa mufiriji amakhalitsa kuposa ayezi wa tizidutswa, ndipo akasungunuka mumamwa. Nyama yaiwisi ikhale pansi, yomangidwa bwino kuti isadonthere pa zina. Ngati mungathe, zakumwa zikhale ndi bokosi lawolawo, chifukwa ana amatsegula kakhumi pa ola ndipo kuzizira kumathawa. Zowonongeka msanga monga nyama, mkaka ndi zotsala zisakhale panja kupitirira maola awiri, kapena ola limodzi ngati kunja kwapitirira madigiri 32. Chakudya cha Lachisanu madzulo muphikiretu kunyumba kuti mukangotenthetsa. Kuphunzira chitofu chachilendo ana akulira njala si chiyambi chabwino cha tchuthi.

5. Ola loyamba mutafika

Musathamangire kujambula. Wokulandiraniyo asanachoke, yatsani nyali iliyonse, yesani zipi zonse, tsegulani mpopi, muone ngati neti ilibe zibowo, ndipo akuonetseni pamene pali chozimitsira moto. Tengani nambala ya munthu woti mungamudzutse usiku.

Kenako yendani ndi ana malo onse kukadali kowala. Aonetseni malire ndi zinthu zooneka: mtengo uwo musapitirire, kumadzi simupita opanda wamkulu. Yendani nawo njira ya kuchimbudzi kawiri. Zingwe za tenti ndi zimene zimagwetsa ana kwambiri, ndiye mangiriranipo tinsalu towala kapena muikepo tinyali. Malamulo akhale atatu okha, ochuluka sawakumbukira: zipi izikhala yotseka nthawi zonse, chakudya sichilowa mu tenti, ndipo nsapato timayamba takutumula tisanavale. Kachidutswa ka bisiketi pansi pa pilo kamaitana nyerere, ndipo fungo la chakudya limaitana mbewa, anyani kapena nyama zina malinga ndi dera. Chakudya chigone m'galimoto kapena m'bokosi lotseka.

Tizilombo tina mutiona basi, ngakhale malowo akhale odula chotani. Walira mvula walira matope. Inu mukakuwa poona kangaude, ana nawonso sagona.

6. Usiku

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangoti "sangalalani ndi nyenyezi" n'kudumphira ku kadzutsa. Koma mabanja amene amabwerera Loweruka m'mawa atalumbira kuti sadzapitanso, chimawabweza ndi maola a pakati pa 9 koloko usiku ndi 5 koloko m'mawa.

Konzani pogona dzuwa lisanalowe. Mabedi ndi zikwama zisakhudze nsalu ya tenti, chifukwa kanivasi yonyowa ikakhudzana ndi chinthu imalowetsa madzi pomwepo. Tsekani zipi ndi maneti a mazenera kusanade, ndipo nyali yowala kwambiri muiike patali ndi khomo kuti tizilombo tikasonkhane kumeneko. Udzudzu wofalitsa malungo umaluma kuyambira chisisira mpaka m'bandakucha, choncho nthawi yovala zamanja aatali ndi kudzola mankhwala ndi imeneyi, osati mukayamba kudzikanda. Khanda losakwana miyezi iwiri musalidzoze mankhwala othamangitsa udzudzu, lifunditseni neti.

Kuzizira kwa mu tenti kumachokera pansi. Anthu amaunjika mabulangete pamwamba n'kumadabwa kuti msana uli zii. Makamaka pa matiresi opopa, mpweya wa mkati mwake umazizira n'kumakoka kutentha kwa thupi usiku wonse. Yalani bulangete pansi pa shiti. Aliyense asinthe zovala zonse asanagone, ndi masokosi omwe, chifukwa zimene wavala tsiku lonse zili ndi thukuta ngakhale zikuoneka zouma. Kumazizira kwambiri kutatsala pang'ono kucha, ndiye bulangete loonjezera likhale kumiyendo kwa bedi, poti mungalikoke muli m'tulo. Ana amadzifundula, n'chifukwa chake kuwaveka zovala zofunda kumathandiza kuposa kuwaunjikira zofunda. Ndipo musatseke tizibowo tonse ta mpweya. Anthu anayi akamapuma mu tenti yotsekeratu, m'mawa denga limachita kudontha, zogonera zonse n'kunyowa, wina n'kumati tenti ikudontha pomwe mvula sinagwe.

Tsopano chimene chimapha anthu. Mbaula, chowotchera nyama, chitofu cha gasi kapena cha palafini, zonsezi zisalowe mu tenti, ngakhale pakhonde lotsekedwa. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha. Choopsa n'chakuti makala amapitiriza kuutulutsa ngakhale malawi atatha ndipo akuoneka ngati azima. Nthawi imene munthu amaganiza kuti "tiilowetse itifunditse, utsi watha" ndi nthawi imene ili yoopsa kwambiri. Kuti khoma ndi nsalu sizitanthauza kuti mpweyawo utuluka wokha. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, ndipo munthu ali m'tulo sazimva n'komwe. Ana amakhudzidwa msanga kuposa akuluakulu. Anthu angapo akadwala mutu nthawi imodzi, tulukani nonse panja pompo ndipo pitani kuchipatala, ngakhale mutayamba kumva bwino. Matenti ena ali ndi chitofu cha nkhuni chokhala ndi chumuni chotulukira kunja. Chimenecho chinapangidwira ntchitoyo, koma akuonetseni kayatsidwe kake, pakhale chotchinga ana, ndipo mukhale alamu ya carbon monoxide yogwira ntchito. Dinani batani lake mumve kulira. Kulibe, gulani yanu ya mabatire, ndi kakang'ono kokwana m'thumba la jekete. Makandulo nawonso ayi, ngakhale ali pa chithunzi cha malonda. Galimoto musaisiye ikulira pafupi ndi tenti.

Moto wa panja muuzimitse ndi madzi, muvundule phulusa, muthirenso mpaka pazizire. Kukwirira ndi mchenga kumangobisa makala, ndipo amakhala akutentha mpaka m'mawa. Ana ambiri sapsa usiku moto ukuyaka makolo ali tcheru. Amapsa kukacha, akuthamanga opanda nsapato pa phulusa looneka loyera. Zikachitika, thirani madzi ozizira oyenda pa balalo kwa mphindi 20, osapaka mafuta, osaika ayezi, kenako kuchipatala.

Za chimbudzi konzani ngati ndondomeko. Ola lomaliza zakumwa zichepe. Aliyense apite asanagone, ndi wonena kuti sakufuna yemwe. Tochi ikhale malo amodzi odziwika, nsapato mkati pafupi ndi khomo. Kandowa kaja ndi ka ana ang'ono, ndipo kunena zoona pofika 3 koloko mvula ikugwa, si ana okha amene amakathokoza. Wamkulu mmodzi agone pafupi ndi khomo. Ngati muli ndi mwana woyendayenda, kokerani zipi m'mwamba poti sangafikire, kapena mangiriranipo kabelu. Loko ayi: moto utabuka mufunika kutuluka m'kamphindi.

Phokoso la kutchire limamveka lalikulu munthu ukagona. Kanyama kakang'ono koyenda pa masamba ouma kamamveka ngati chilombo. Musadikire kuti mwana adzidzimuke pakati pa usiku. Chakumadzulo, khalani naye pakhonde, muzimitse tochi, mumvetsere limodzi n'kumatchula: awo ndi achule, izo ndi nkhululu, iyo ndi nsalu ikugunda ndi mphepo. Phokoso limene mwana walidziwa dzina silimuopsa kwenikweni. Kanyali kakang'ono ka batire kakhale koyaka usiku wonse, chifukwa mwana wodzuka pamalo achilendo osaona ngakhale dzanja lake amalira mosatonthozeka. Ndondomeko ya kunyumba isasinthe: ngati amasamba, kumvera nthano, kenako kugona, zikhale choncho, ngakhale nthawi itachedwerako. Wina akapempha kudzagona pakati panu, mulandireni, mwambo mukaupitiriza kwanu.

Kumbukiraninso kuti mmene inu mukumvera a tenti ina, iwonso akukumvani. Nkhani za ngongole ndi za achibale zidikire. Khanda likalira osatonthola, kaloweni nalo m'galimoto, injini ili yozima, mpaka litakhazikika. Mtima wanu umakhala m'malo podziwa kuti simukudzutsa msasa wonse, ndipo khanda limatonthola msanga mayi kapena bambo akakhala odekha.

Khanda ligone chagada, pa kabedi kakekake kolimba ndi kosalala. Matiresi opopa ndi oopsa kwa makanda chifukwa amabonyoka n'kutseka mphuno ndi pakamwa. Musaliunjikire mabulangete kapena kuliikira botolo la madzi otentha. Livekeni zovala zingapo zopyapyala, ndipo pofuna kudziwa ngati lafunda gwirani pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi, osati manja, omwe amazizira nthawi zonse.

Mvula yokha si vuto, ndipo kulira kwake pa kanivasi kumagonetsa tulo tabwino. Mabingu ndi nkhani ina. Tenti siteteza ku mphenzi, kaya ikhale yapamwamba chotani. Mukamva kugunda, pitani m'nyumba yeniyeni ngati ilipo, kapena m'galimoto ya denga lachitsulo mutatseka magalasi, ndipo dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Makiyi a galimoto azigona pamodzi ndi tochi.

Chomaliza ndi m'bandakucha. Kukangoyera, tenti yonse ili mbee, mbalame zayamba, ndipo ana amene kwanu mumachita kuwakoka pabedi ali maso gwa 5 koloko. Simungaziletse, ndiye zikonzereni. Musanagone ikani pafupi kathumba kokhala ndi chipatso, madzi, kabuku ndi zojambulira, majuzi awo ali pamwamba. Mugwirizane usiku womwewo kuti Loweruka adzuka nawo ndani, Lamlungu ndani. Kukambirana zimenezi m'mawa, monong'ona, aliyense akunamizira tulo, ndi kumene kumayambitsa mkangano woyamba wa wikendi. Wodzukayo atuluke nawo akayende, winayo agone ola lina. Ndipo wodzukayo sanaluze: nthawi imeneyo ndi imene mbalame ndi nyama zimaoneka, msasa wonse ukadali chete.

7. Loweruka musalidzaze

Chochita chachikulu chikhale chimodzi, m'mawa. Mwalipira kuti mukhale pamalopo, osati kuti muzingobwera kudzagona. Masana tenti imatentha, choncho tsegulani mbali zonse zokhala ndi neti ndipo wogona masana mumupezere mthunzi. Ana asiyeni atole timiyala ndi timitengo. Akati atopa nazo, dikirani pang'ono musanatulutse foni, nthawi zambiri amapeza okha chochita.

Pamadzi pokha ndi pamene simuyenera kumasuka. Mwana akamamira sakuwa ndipo sathibula madzi, amangolowa mwakachetechete, ngakhale pamadzi osaya. Akuluakulu akachuluka aliyense amaganiza kuti mnzake akuyang'ana. Tchulani dzina: panopa akuyang'anira ndi uje, foni ili m'thumba, mpaka atapatsira wina. Ngati pali bafa lija la madzi otentha la panja lotchedwa hot tub, ana osakwana zaka 5 asalowemo, ndipo likhale lovundikira mukachokapo. Madzulo posambitsa ana, yang'anani nkhupakupa m'mutu, kuseri kwa makutu, m'khwapa ndi kuseri kwa mawondo.

Usiku wachiwiri anthu amagona bwino kuposa woyamba, ndiye musaweruze malowo ndi Lachisanu lokha.

8. Ponyamuka ndi mukafika kwanu

Malo ambiri amafuna mutuluke m'mawa, choncho zambiri mulongedze Loweruka madzulo, kusiya zovala za ulendo ndi kadzutsa. Suzumirani pansi pa mabedi ndi m'mphepete mwa tenti, ndi kumene machaja ndi nsapato imodzi ya mwana zimatsalira. Kutumulani zikwama musanaziike m'galimoto. Ngati munapereka ndalama ya chikole, jambulani tenti mmene mwaisiyira ndipo wantchito aione inu mulipo. Zinyalala tayani pamene akuuzani kapena munyamule. Zotsala za mu cooler box, ngati ayezi anasungunuka kale dzulo, musazitengere kunyumba.

Mukamalemba ndemanga, thandizani banja lotsatira: nenani mtunda wa kuchimbudzi, nthawi imene madzi otentha analipo, ndi mmene usiku unalili.

Ngati kumene munapitako kuli malungo, musaiwale msanga za ulendowu. Zizindikiro zimayamba patapita masiku 10 mpaka 15 munthu atalumidwa, nthawi zina mochedwerapo. Wina m'banjamo akatentha thupi m'masabata otsatira, akayezetse magazi tsiku lomwelo, ndipo muwauze achipatala kumene munagona ndi masiku ake.